Zikwi M'zitini, Koma Mtundu Ukutha

Chaka ndi chaka, mvula ikangokhazikika m'mwezi wa Januwale, miphakati yathu ya kuno ku Kasina ndi ya m'maparishi ena a dayosizi ya Dedza imatuluka ndi makasu kukabzala mitengo. Mwambo umenewu si wachilendo. Dziko lathu lidayamba kukhala ndi tsiku lobzala mitengo m'chaka cha 1976, ndipo chilembereni malemu Papa Fransisko kalata yawo ya Laudato Si' m'chaka cha 2015, ife akhristu tidachita khama koposa kale, popeza tidamva kuti kusamala chilengedwe ndi gawo la chikhulupiriro chathu. Ntchito ikatha, mlembi amaimirira m'tchalitchi nawerenga lipoti: mphakati wakuti wabzala mitengo mazana atatu, wakutiwakuti mazana asanu. Timaomba m'manja, amayi nalulutira, ndipo timabwerera kwathu mitima ili m'malo, poganiza kuti tamvera Papa.

Sitikufuna kunyoza ntchito imeneyi, pakuti wobzala mtengo aposa kutalitali wongoyang'ana. Koma pali kanthu kamene kakutivuta mumtima. Lipoti lathu limayankha funso limodzi lokha, lakuti mitengoyo ndi ingati. Mafunso ena awiri sitiwafunsa konse: ndi mitengo yanji, ndipo idachokera kwa makolo angati? Ife tikuona kuti mafunso awiriwa ndiwo aakulu, ndipo kuti munthu angathe kudzaza bwalo lonse ndi chomera chamtundu wina, mtunduwo uli mkati mwa kutha.

Kuti timvetse bwino zimenezi, tiyeni tiyambe tapita kutali, ku dziko la Mexico, kumene kudachokera chimanga chimene timadya ndiponso paini wa masamba olendewera amene amabzalidwa m'mapiri athu. Kumeneko kuli zomera za m'chipululu zotchedwa kakitasi, zonenepa ndi madzi, zokhala ndi minga m'malo mwa masamba. Imodzi mwa izo njobulungira ngati dzungu lalikulu, thupi lonse lili minga yachikasu yowala, ndipo anthu a kumeneko amaitcha moseka kuti mpando wa apongozi. Akatswiri a zomera adailemba m'mabuku ndi dzina lakuti Echinocactus grusonii. Kakitasi ameneyu ndi mmodzi mwa okondedwa kwambiri pa dziko lonse. Amagulitsidwa m'miphika m'maiko ambiri, ndipo amakongoletsa mabwalo a mahotela ndi nyumba za anthu olemera. Wina atati awerenge miphikayo monga timawerengera mitengo yathu, lipoti lake lingakhale lokondweretsa zedi.

Komabe kwao kwenikweni kwa chomerachi n'kochepa, monga matherezi a miyala a m'chigwa cha mtsinje wa Moctezuma, pakati pa zigawo za Hidalgo ndi Querétaro. M'zaka za m'ma 1990 padamangidwa damu lalikulu la magetsi la Zimapán, ndipo madzi adamiza gawo lalikulu la malo amene chinkamera chokha. Anthu ozula zomera kukagulitsa adali atachepetsa kale chiwerengero chake. Lero bungwe la IUCN, limene limasunga kaundula wa zamoyo zimene zili pangozi, limachiika m'gulu la zomera zimene zingathe kutha. Ndipo sichili chokha, ai. Kafukufuku wa bungweli amene adatuluka m'chaka cha 2015 adapeza kuti mwa mitundu 100 iliyonse ya kakitasi, mitundu 31 ili pangozi yakutha, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu ndicho kuzulidwa ndi anthu oikonda.

Mwina owerenga ena afunsa kuti: nanga chingathe bwanji chomera chimene chili m'miphika zikwi ndi zikwi? Yankho lake lagona pa chinthu chimene timachitcha chibadwa, ndipo n'zokondweretsa kuti amene adatsekula khomo la nzeru zimenezi adali wansembe. Bambo Gregor Mendel, a chipani cha Agustino Woyera, adakhala zaka zambiri akubzala nsawawa m'dimba la nyumba yawo ya chipani mumzinda wa Brno, akuyang'anitsitsa m'mene msinkhu, mtundu wa duwa ndi maonekedwe a njere zimachokera kwa kholo kupita kwa mwana. Zimene adapeza adazisindikiza m'chaka cha 1866. Kuchokera pamenepo akatswiri adafika podziwa kuti chamoyo chilichonse chimasenza m'thupi mwake timalangizo ta chibadwa, timene masiku ano amati tidalembedwa mu DNA, ndipo kuti chobadwa kwa makolo awiri chimalandira gawo kwa bambo, gawo kwa mayi, m'kasakanizidwe kamene sikabwerezedwa. N'chifukwa chake ana a bere limodzi amafanana koma sali amodzi: chimfine chikalowa m'nyumba, wina chimamugwetsa, wina amangoyetsemula.

Zomera nazonso zili chomwecho zikamera kuchokera ku njere. Koma pali njira ina yochulukitsira zomera imene tonse timaidziwa, yodula nthambi kapena kupatula mphukira. Taganizani za mpanda wa nkhadze wozinga khola kapena manda. Mwini wake adadula nthambi pa mtengo umodzi nazizika, ndipo lero mpandawo uli ndi mitengo makumi angapo. Pa lipoti ndi mitengo makumi angapo. Pa chibadwa ndi mtengo umodzi womwe uja, woima m'malo ambiri. Chimene chingaphe umodzi chingaphe yonse. Ngakhale zomera zochokera ku njere, ngati njerezo zidatengedwa kwa makolo owerengeka okha, chibadwa chake chimakhala chopapatiza. Oweta mbuzi ndi nkhuku amadziwa zimenezi popanda buku. Tonde mmodzi akakhalitsa m'khola, namakwera ana ake ndi zidzukulu zake, ana a mbuzi amayamba kubadwa ofooka, ndipo mlimi wanzeru amakabwereka tonde kumudzi wina.

Kakitasi wa m'miphika uja ali ngati mpanda wa nkhadze kapena khola la tonde mmodzi. Olima maluwa amasankha chokongola ndi chokula msanga nachichulukitsa. Koma pa therezi paja pankamera china chopirira chilala, china chopirira chisanu, china chimene tizilombo sitichikonda, ndipo chuma chimenecho madzi akachimiza, miphika siingachibweze.

Tisaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya okonda maluwa okha. Ife a ku Dedza timadziwika dziko lonse ndi mbatata ya kachewere, ndipo mbatata imeneyi timaibzala pokwirira mbatata inzake, osati njere. Ku Ireland, dziko limene latumiza amishoni ambiri ku Africa, anthu osauka ankadalira kwambiri mbatata ya mtundu umodzi wotchedwa Lumper, chifukwa inkabereka bwino pa nthaka yosauka. M'chaka cha 1845 matenda a chiwawu adalowa m'minda, ndipo popeza mbatata yambiri idali ya chibadwa chimodzi, idaolera pamodzi. Pofika 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni adali atafa ndi njala ndi matenda, ndipo enanso ochuluka chomwecho adali atathawa m'dzikomo. Zoona, ulamuliro wosalabadira osauka udakulitsa tsokalo, koma khomo limene njala idalowera lidali la mbewu imodzi. Kwathu konkuno tidaona zofanana ndi nthochi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 matenda a chisaka adafalikira ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay, ku Thyolo ndi ku Mulanje, akuyenda ndi nsabwe za nthochi ndiponso ndi mphukira zimene alimi ankagawana mokoma mtima. Mabanja amene ankalipira sukulu ndi ndalama za nthochi adauzidwa kuti azule minda yonse.

Tsopano tibwerere kumatanthwe athu. Kakitasi kwao ndi ku America, ndipo amene timamuona m'mipanda yathu, wa zipatso zaminga uja, adachita kubwera. Koma Mulungu sadasiye miyala yathu ili yokha. Pa matanthwe a Dedza ndi Chongoni pamamera zomera zonenepa ndi madzi zimene zimakhala moyo wofanana ndi wa kakitasi, zopirira dzuwa la Okutobala pa kadothi kosadzaza chikhatho. Ziwiri mwa izo zidalandira dzina la boma lathu lino. Katswiri wa ku South Africa, G. W. Reynolds, amene adayenda maiko ambiri a mu Africa akufufuza zomera za banja la alovera, adaona kuti alovera wotchedwa Aloe cameronii amene amamera pa phiri la Dedza ngosiyana ndi abale ake a kwina, ndipo m'chaka cha 1965 adamutcha dzina loonjezera lakuti dedzana. Mbale wake wina wa ku mapiri a Nyanga ku Zimbabwe amatchedwa bondana. Onsewa ndi mtundu umodzi, koma phiri lililonse lidaumba nkhope yakeyake, ndipo kumeneku ndiko kusiyana kwa chibadwa kumene tikunena. Katswiri wina, L. C. Leach, adatcha kachitsamba kena kaminga, ka utomoni woyera ngati wa nkhadze, kuti Euphorbia dedzana. M'mabuku a akatswiri a maiko akutali dzina la Dedza limawerengedwa chifukwa cha zomera zimenezi, pamene ife eni ake timazipondaponda popita kukasaka mbewa.

Pano tiyenera kuulula kulakwa kwathu, kuti tingaoneke ngati tikuloza ena chala. Zaka zingapo zapitazo, pochokera kukachita Misa kutchalitchi lina laling'ono, tidaona alovera wa pathanthwe atachita maluwa ofiira. Tidazula tsinde limodzi, tikudziuza kuti tikulipulumutsa ku moto wa tchire. Tidalibzala m'chitini pakhonde, lidabereka mphukira, tidazipatula, mpaka zitini zidachita mzere. Ena tidawagawira, ndipo tinkanyadira kuti tachulukitsa chomera chosowa. M'miyezi yozizira zonse zidachita maluwa, timbalame toyamwa madzi a m'maluwa tidabwera, koma njere sitidazione. Mnzathu wina amene adaphunzira za nkhalango ndiye adatitsekula maso. Adati alovera wa mitundu yambiri sabereka njere ndi ufa wa maluwa ake omwe. Amafuna ufa wochokera ku tsinde lina, losiyana naye chibadwa. Zitini zathu zonse zidali tsinde limodzi lija. Mbalame zinkangonyamula ufa kuchokera kwa iye kupita kwa iye mwini. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, ndipo chomera chathu chidali chokha ngakhale chidadzaza khonde. Choipa koposa n'chakuti pathanthwe paja tidachotsapo kholo limodzi mwa ochepa amene ankaberekana.

Kulakwa kumeneku ndi komwe kuli m'malipoti athu, kungoti kumeneko n'kwakukulu. Mitengo imene timabzala kawirikawiri ndi bulugamu wa ku Australia ndi paini wa ku Mexico, chifukwa mbande zake sizisowa ndipo imakula msanga. Mitengo imeneyi ili ndi ntchito yake, ya milimo, matabwa ndi nkhuni. Koma tikaibzala mothithikana m'mbali mwa thanthwe, mthunzi ndi masamba ake oyoyoka zimapha zomera zokonda dzuwa zimene zidakhalapo chikhalire. Timatcha thanthwe malo achabe chifukwa khasu sililowa, motero sitiona kanthu pamene moto wa osaka mbewa ukulinyambita chaka ndi chaka, kapena pamene ophwanya miyala akulisenda. Tikafuna kubzala mitengo yachilengedwe, timatuma ana kukatola njere pansi pa mbawa imodzi ya pafupi ndi sukulu, ndipo mbande zonse za m'nazale zimakhala za mayi mmodzi.

Chodabwitsa n'chakuti kalata ya Papa imene timati tikuimvera idachenjeza za zomwezi. Ndime 32 mpaka 42 za Laudato Si' zimakamba za kutha kwa mitundu ya zamoyo. M'menemo Papa amaphunzitsa kuti cholengedwa chilichonse chili ndi ulemu wake pamaso pa Mulungu, ngakhale chisatipatse phindu, ndipo kuti mtundu ukatha chifukwa cha ife, timatseka pakamwa pamene pankatamanda Mlengi. Amatikumbutsa za tizolengedwa tating'ono timene sitiwerengedwa, ndipo pa ndime 39 amadandaula kuti kuchotsa zomera zachilengedwe n'kubzalapo mitengo ya mtundu umodzi kumachitika popanda kulingalira bwino. Zikuoneka kuti ambirife tidamva mutu wa kalatayo pa ulaliki, koma ndime zimenezi sitidazifike. Tinenenso mwaulemu kuti kalatayo imanena zambiri za kutha kwa mitundu, koma za kusiyana kwa chibadwa mkati mwa mtundu umodzi imangokhudzako. Papa sadalembe buku la ulimi. Mpata umenewo tiyenera kuudzaza ndife, pofunsa akatswiri ndi alimi akale.

Malembo Oyera nawonso tidawawerenga mothamanga. Mutu woyamba wa Genesis umabwereza kangapo kuti Mulungu adalenga zomera ndi nyama monga mwa mitundu yake, ndipo umatchula mwapadera njere zimene zili m'kati mwa zipatso. Tonse timakumbukira kuti Nowa adalowetsa nyama ziwiriziwiri m'chombo, koma timaiwala kuti pa mutu 7 adalamulidwa kutenga zisanu ndi ziwiri zazimuna ndi zisanu ndi ziwiri zazikazi za nyama zosanyansa ndi za mbalame, kuti mbewu yake isathe pa dziko. Sitikunena kuti wolemba Genesis adadziwa za DNA. Tikungoti anthu oweta ziweto amene Mulungu adayankhula nawo ankadziwa kuti kusunga mtundu n'kusunga mbumba yonse yoberekana.

Tikudziwa chimene ena anene, ndipo n'choyenera kuchimva. Adzati: Abambo, inu mumadya katatu pa tsiku, mayi wosowa nkhuni ndi bambo wophwanya miyala kuti alipire sukulu ya mwana alibe nthawi yolira maluwa a pathanthwe. Zoona, ndipo amene angauze bambo ameneyu kuti aleke ntchito popanda kumusonyeza ina akuchimwira chilungamo. Koma tiganize zinthu ziwiri. Choyamba, pamene chibadwa cha mbewu chapapatiza, woyamba kulira ndi wosauka yemweyo, monga tidaonera ndi nthochi. Wolemera amakagula kumsika. Chachiwiri, zimene zomera za pathanthwe zikutipempha n'zochepa. Sizilanda munda wa munthu, sizifuna feteleza kapena kuthirira. Zikungofuna kuti tizisiye pamalo pake, tizitchinjirize ku moto, ndipo mwa matanthwe ambiri a m'dera lathu tipatule ena amene nyundo siidzafikapo.

Amene akuganiza kuti nthawi ilipo yambiri akumbukire mkungudza wa ku Mulanje. Mtengo umenewu udalengezedwa kuti ndi mtengo wa fuko lathu m'chaka cha 1984, ndipo dzina lake lidalowa m'mabuku a sukulu. Komabe macheka ndi moto sizidaleke, ndipo kafukufuku wa m'chaka cha 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse lija. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi akatswiri a za nkhalango a ku Zomba ndi midzi yozungulira phirilo, lafesa ndi kubzala mbande zikwi mazanamazana, ndipo ntchito imeneyi njoyamikika. Koma mbande zimenezo n'zidzukulu za mitengo yochepa imene idapulumuka. Chibadwa cha mitengo yonse imene idachekedwa isanasiye njere chidapita ndi utuchi. Madzi akatayika saoleka.

Nanga tichitenji ife mabanja achikhristu? Tisazule chomera cha pathanthwe kuti tikongoletse khonde kapena bwalo la tchalitchi, ndipo tisagule kwa ozula. Mphakati uliwonse umene uli pafupi ndi thanthwe ukambirane ndi a mfumu a mudzi, kuti mvula ikatha alambule njira yotchinga moto kuzungulira malowo. Potola njere za msuku, mbawa, mlombwa, muwanga kapena nsangu, titsate malangizo a akatswiri a za nkhalango akuti njere zichokere ku mitengo yambiri yotalikirana, makumi awiri kapena atatu, osati umodzi. Amayi amene akusungabe chimanga cha makolo, mawere, nzama ndi nyemba za mitundumitundu tiziwalemekeza, ndipo pa chikondwerero cha masika tipatule tebulo losinthanirana mbewu zimenezi. Sitili tokha pa ntchitoyi. Ku Chongoni, pafupi nafe pompano, kuli sukulu ya ukachenjede ya za nkhalango ndi nyama zakutchire. Ku Chitedze kuli nkhokwe ya dziko yosungira mbewu zamitundumitundu. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zitsanzo za zomera za dziko lino. Achinyamata athu amene ali ndi mafoni angathe kujambula zomera za pathanthwe la kwao, osazizula, n'kukafunsa maina ake. Safunsa adadya phula.

Tikupempha alembi a miphakati kuti Januwale akubwerayu lipoti lisinthe. Chiwerengero chikhalepo ndithu, koma pambali pake palembedwe maina a mitengoyo, kumene njere zake zidatoledwa, ndi ingati mwa mitengo ya chaka chatha imene ikali moyo. Palembedwenso thanthwe limene mphakatiwo walisamala, ngakhale sudabzalepo kanthu. Lipoti lotero lidzakhala ndi manambala ang'onoang'ono, ndipo mwina m'manja simudzalira kwambiri, koma lidzanena zoona.

Zitini zathu zija zikadali pakhonde, ndipo tikamadutsapo popita ku Misa ya m'mawa zimatikumbutsa kuti chikondi chopanda nzeru chimatha kuononga chimene chikuchikonda. Pathanthwe paja tidapitanso. Masinde amene tidawasiya adachita maluwa, ndipo makoko ake adali odzaza ndi njere. Ambuye amene adavalika maluwa akuthengo atiphunzitse kuwasamala pamalo pamene Iye mwini adawabzala.